Ndege Ija Inatiodira, Ife Sitinamve

Ndinali ndi zaka 11 pamene ndinatsala pang'ono kugundidwa ndi ndege ndili pa ngolo. Ndikanena zimenezi kuno ku koleji anzanga amaseka, amati ndikucheza. Munthu angagundidwe ndi minibasi, njinga ya kabaza kapena lole ya fodya pa msewu wa M1. Koma ndege? Pansi? Ku Kasungu? Ine ndimangowasiya aseke, chifukwa nanenso zinanditengera zaka zambiri kuti ndimvetse chimene chinachitika tsiku limenelo.

Amalume anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya, ndipo holide iliyonse mayi ankanditumiza kumeneko kuti ndikathandize ntchito. Amene mumaidziwa Kasungu mukudziwa mmene dziko lake lilili: lathyathyathya mpaka maso kutopa, minda kutsogolo, minda kumbuyo, phiri la Kasungu litaima lokha ngati chulu pakati pa dambo. Pa esiteti imeneyo, pakati pa minda ndi zigafa, panali malo aatali otchetchedwa bwino, opanda mtengo ngakhale chitsa. Limenelo linali bwalo la ndege la eni esiteti. Panalibe mpanda, panalibe nyumba iliyonse, kupatula chitsulo chachitali chimene pamwamba pake pankalendewera nsalu yosuluka yooneka ngati mwendo wa thalauza. Ndege inkatera mwina kawiri kapena katatu pa chaka. Masiku ena onse bwalolo linali lathu. Anyamata tinkamenyapo mpira wachikulunga, mbuzi zinkadyapo, amayi ankadutsapo popita kuchigayo, ndipo ngolo zinkadulirapo chifukwa kuzungulira kunali kutaya theka la ola.

Inali holide ya Pasaka. M'mawa wa tsikulo tinathyola fodya wa bale mpaka ngolo kudzaza. Ine ndinakwera pamwamba, amalume akuyenda pambali pa ng'ombe ndi chikwapu. Titafika m'mphepete mwa bwalo tinamva kulira kumwamba. Kandege koyera kanatulukira, kanatsika kwambiri, kanadutsa pamwamba pa bwalo lonse kuyambira uku mpaka uko, pafupi moti ndinaona mutu wa woyendetsa. Kenako kanakweranso, n'kukhotera kumanzere mpaka kubisika kuseri kwa mitengo ya bulugama.

"Yapita imeneyo, mphwanga," anatero amalume. "Yaona kuti si pano. Tiye."

Tinalowa. Ng'ombe zonyamula katundu sizithamanga, ndipo tinali pakati penipeni pamene ndinacheuka n'kuona kandege kaja kakubwera molunjika ife, katatsika kale, injini ikulira pang'onopang'ono ngati ikunong'ona. Ndinafuna kukuwa koma mawu sanatuluke. Mwadzidzidzi injini inabangula, kandege kanadzutsa mphuno n'kudutsa pamwamba pathu, mphepo yake n'kuulutsa masamba a pamwamba. Ng'ombe zinadzidzimuka, zinathawira cham'mbali, ngolo n'kugudubuzikira m'ngalande. Ine ndinagwera pa chigongono, ndipo chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Fodya wa m'mawa wonse anamwazika, wina n'kupondedwa ndi ng'ombe, wina n'kung'ambika.

Ndege itatera pa ulendo wachitatu, a kapitawo anabwera pa njinga ali wefuwefu.

"Bambo inu, ndege simunaione?"

"Tinaiona, a kapitawo. Inadutsa."

"Nanga mutaiona munaloweranji?"

Amalume anangoyang'ana pansi. Fodya woonongekayo anawerengedwa pa ngongole yawo, ndipo kwa zaka zambiri ankati akaikumbuka nkhaniyi amangoti, "Ndege ija inatinamiza."

Chaka chatha, ndikuzemba ntchito ya m'kalasi mu laibulale, ndinayamba kuwerenga za mmene ndege zimaterera pa mabwalo a kumidzi. M'menemo ndinapeza yankho la funso la a kapitawo. Woyendetsa ndege akafika pa bwalo lopanda omulondolera, nthawi zambiri amayamba wadutsa chapansi kuti aone ngati pali maenje, madzi, ziweto kapena anthu, komanso kuti phokoso lake lithamangitse chilichonse chimene chili pamenepo. Kenako amazungulira n'kubwera kudzatera. Kudutsa kuja kunali kutiuza kuti "ndikubwera, chokani". Ife tinamva kuti "ndapita, pitirizani". Chizindikiro chimodzi, matanthauzo awiri otsutsana, ndipo palibe amene ananama. Ine ndimaphunzira za zinenero, ndipo zoterezi timazikambirana m'kalasi ngati masewera a nzeru. Sindinkadziwa kuti ndinaziphunzira kale ndi chigongono.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi nsanja. Amene munapitako ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kapena ku Chileka munaiona nyumba yaitali ya magalasi pamwamba. Ntchito ya munthu wokhala m'menemo ndi yosavuta kuifotokoza ngakhale ndi yovuta kuigwira: aonetsetse kuti pa nthawi imodzi msewu wa ndege uli ndi mwini mmodzi. Ndege silowa mumsewumo, sinyamuka, sitera, iye asanalole. Woyendetsa akauzidwa chochita amabwereza mawuwo kuti onse awiri atsimikize kuti amvana. Ngakhale galimoto yozimitsa moto ndi thirakitala yotchetcha udzu zimayamba zapempha kwa iye zisanadutse.

Koma mabwalo ambiri pa dziko lapansi alibe nsanja, ndipo umenewu si umphawi wathu wokha. Ku America kuli mabwalo pafupifupi 5,000 amene ndege ya aliyense ingaterepo, koma okhala ndi nsanja amangoposa pang'ono 500. Kuno kwathu timabwalo monga ta ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu, ku Chelinda pa Nyika ndi ku Mvuu ku Liwonde timalandira ndege za alendo popanda munthu wa mu nsanja. Kumanga nsanja, kuikamo zipangizo ndi kulipira akatswiri osinthana tsiku lonse chifukwa cha ndege imodzi pa sabata kungakhale kuwononga ndalama. Choncho oyendetsa ndege ali ndi mwambo wawo wa pa mabwalo otere.

Mwambowo umayenda motere. Onse amene ali pafupi ndi bwalolo amatchera wailesi zawo pa tchanelo chimodzi chodziwika. Woyendetsa akatsala ndi mphindi zingapo kuti afike amalengeza kuti ndine ndege yakuti, ndili chakuti, ndili pamwamba mwakuti, ndikufuna kutera pa msewu wakuti. Amabwerezanso akamalowa m'njira yozungulira bwalo, akamakhota, akalunjika msewu, ndiponso akatulukamo atatera. Njira yozungulirayo kawirikawiri imakhotera kumanzere, poti woyendetsa amakhala mpando wa kumanzere ndipo bwalo amaliona bwino pa windo lake. N'chifukwa chake kandege kathu kaja kanakhotera kumanzere. Nsalu yonga mwendo wa thalauza ija imamuuza kumene mphepo ikuchokera, chifukwa ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anizana ndi mphepo. Manambala olembedwa kumapeto kwa msewu amachokera pa kampasi: 09 ndiye kuti ukuyang'ana kum'mawa, 27 kumadzulo. Motero msewu umodzi uli ndi mayina awiri, ndipo tsiku lopanda mphepo oyendetsa awiri angathe kusankha mbali zosiyana za msewu womwewo, wina kulowera uku, wina uko, ngati sakumvetserana.

Nditawerenga zimenezi ndinakumbuka mwambo wathu wa odi. Kwathu munthu salowa pakhomo pa mnzake ngati mbuzi. Umaima pabwalo, n'kuodira, n'kudikira kuti wina ayankhe kuti "lowani". Pa bwalo la nsanja woyankhayo alipo. Pa bwalo lopanda nsanja umaodira, koma mwini khomo palibe. Amene angakuyankhe ndi mlendo mnzako, ngati alipo, ngati wamva. Nthawi zambiri chimene umalandira ndi chete, ndipo chete ameneyu ali ndi matanthauzo ambiri. Mwina palibedi munthu. Mwina alipo koma watchera tchanelo china. Mwina alipo koma akucheza ndi amene wakhala naye. Mwina alipo koma wailesi alibe n'komwe, ngati ife pa ngolo. Ngozi imayamba pamene munthu wasankha tanthauzo lomukomera n'kulitenga ngati "lowani".

Pali ngozi ina ya ku America imene imaonetsa zimenezi momveka. Madzulo a pa 19 Novembala 1996, ndege ya United Express ya mtundu wa Beechcraft 1900, yonyamula anthu 12, inkatera pa bwalo la Quincy m'chigawo cha Illinois. Bwalolo linalibe nsanja, ndipo misewu yake imapingasana. Pa msewu wina panali ndege ya King Air yokhala ndi anthu 2 ikukonzekera kunyamuka, kumbuyo kwake kuli kandege ka Piper Cherokee kakudikira. Oyendetsa United Express anachita zonse za mwambo. Analengeza kangapo pamene anali, ndipo atatsala pang'ono kutera anafunsa ngati ndege yoima pa msewu winawo idikire kapena inyamuka. A mu King Air sanayankhe. Amene anayankha anali wa mu Cherokee, kunena kuti akudikira kumbuyo kwa King Air. Koma pa nthawi yomweyo makina a mu United Express analankhula kuwauza oyendetsa mmene atsikira, n'kuphimba gawo lina la yankholo. Iwo anamva kuti "tikudikira" n'kuganiza kuti wayankha ndi amene anamufunsa. King Air inayamba kuthamanga, ndipo ndege ziwirizo zinakumana pa mphambano. Anthu onse 14 anafa. Chomvetsa chisoni n'choti a mu United Express sanafe ndi kugundanako. Chitseko chinakanika kutseguka, ndipo utsi ndi moto ndi zimene zinawapha. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti gwero lake linali loti a mu King Air sanamvetsere wailesi mokwanira komanso sanayang'ane ngati kukubwera ndege ina.

Nkhaniyi ndaiwerenga kambirimbiri, ndipo chimene chimandisautsa ndi munthu wa mu Cherokee uja. Sananame. Anali ndi mtima wabwino, anamva funso n'kuyankha. Koma funsolo silinali lake. Zili ngati waodira pakhomo n'kukuyankha munthu wodutsa m'njira kuti "lowani", iwe n'kulowa, osadziwa kuti mwini nyumba sanakumve ndipo galu sanamange.

Wina anganene kuti ndiye tingomanga nsanja paliponse nkhani ithe. Koma nsanja si chithumwa. Ngozi yaikulu kuposa zonse m'mbiri ya ndege zogundana inachitikira pansi, pa bwalo lokhala ndi nsanja. Pa 27 Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pa msewu wa ndege m'chifunga, anthu 583 n'kufa. Woyendetsa KLM ankaganiza kuti waloledwa kunyamuka pamene Pan Am inali ikadali mumsewu, ndipo mauthenga awiri amene akanamuchenjeza analankhulidwa nthawi imodzi n'kutsekerezana pa wailesi. Chichitikireni ngoziyo, mawu oti "takeoff" amangonenedwa popereka kapena pochotsa chilolezo chenicheni chonyamukira, ndipo pa zina zonse amati "departure". Anthu 583 anafa, dziko n'kusintha kagwiritsidwe ntchito ka liwu limodzi. Posachedwapa, pa 2 Januwale 2024, pa bwalo lamakono la Haneda ku Tokyo, ndege ya Japan Airlines inatera n'kugunda ndege ya asilikali olondera nyanja imene inali italowa mumsewu. Anthu 379 a mu Japan Airlines anapulumuka onse, koma mwa anthu 6 a mu ndege inayo 5 anafa. Ngakhale pamene pali nsanja ndi makina onse, chitetezo chimadalirabe kuti wina alankhule momveka, wina amve zimene zanenedwa osati zimene amayembekezera, ndipo onse ayang'ane ndi maso.

Komabe m'nkhani zonsezi anthu onse anali ndi wailesi, anaphunzira mwambo umodzi, amalankhula Chingerezi cha ntchito yawo. Vuto la ku Kasungu lili ndi munthu wachitatu amene mabuku a oyendetsa ndege samuwerengera. Ndi mnyamata wobusa mbuzi, mayi wosenza thumba la chimanga, bambo wa pa njinga atamanga mabelo kumbuyo, ana ochokera kusukulu. M'mabuku amenewo munthu wotere amaikidwa m'gulu limodzi ndi ziweto ndi maenje, monga chopinga pa msewu. Koma iye ndi munthu woganiza, amene amaona chizindikiro n'kuchimasulira, ndipo amachimasulira malinga ndi zimene akudziwa. Bwalo amaligwiritsa ntchito masiku ambiri pa chaka kuposa ndege. Nthawi zambiri njira imene akudutsayo inalipo bwalo lisanalambulidwe. Mwa onse okumana pa msewu wa ndege, iye yekha ndiye sanauzidwe malamulo a masewerawo.

Ndipo kumwamba kwa Kasungu sikulinso zii ngati kale. Pa 29 Juni 2017 boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula dera loyeserera tindege topanda woyendetsa, timene tonse tikungotitcha ma drone. Pakati pa derali panali bwalo la ndege la Kasungu, ndipo linkafika makilomita 40 mbali zonse, mpaka mamita 400 kuchokera pansi. Cholinga chinali kuyesa kujambula madera a madzi osefukira, kufikitsa intaneti kumidzi ndi kunyamula tizinthu topepuka monga mankhwala ndi magazi okayezetsa. Ine ndinali ku sekondale, ndipo ndinali m'gulu la ana amene tinkathamangira kukaonerera. Zinandinyaditsa kuona anthu ochokera kumayiko akutali akubwera kwathu kudzaphunzira. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, ndipo achinyamata anzathu akuphunzira kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Zimenezi ndi zabwino ndipo ndikufuna zipitirire. Koma zikutanthauzanso kuti malo amene kale kunkadutsa kandege kamodzi pa nyengo tsopano angakumanemo ndege ya alendo, drone ya chipatala ndi gulu la ana oonerera. Zinthu zoyenda zikachuluka, oodira amachuluka, ndipo kufunika kwa kumvana kumakula.

Yankho limene anthu amathamangira ndi mpanda, ndipo mpanda ndi wofunikadi. Mu Januwale 2019 kampani ya South African Airways inaimitsa maulendo ake opita ku Chileka, akuluakulu oona za ndege a ku South Africa atapeza kuti mpanda wa bwalolo unali woonongeka, komanso galimoto yozimitsa moto ndi ambulansi sizinali zodalirika. Ngati mpanda ungagwetse ulendo wa ku Johannesburg pa bwalo lalikulu la mumzinda wa Blantyre, nanga kabwalo ka pakati pa minda? Koma tiyeni tinene zoona za mipanda ya kwathu. Mpanda wotseka njira ya kuchigayo, ya kuchipatala kapena ya kumanda sukhalitsa. Ena amaudula chifukwa cha umbava wa waya, inde, koma ena amaudula chifukwa mayi wodwala sangazungulire makilomita awiri pamene chipatala akuchiona patsidya. Womanga mpanda osafunsa kumene anthu amadutsa wagula waya wa makola a nkhuku a mudzi wonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukuganiza, chifukwa mnzanga wogona naye chipinda anandiuza kale pamaso. Dziko loti m'zipatala mankhwala mulibe, ophunzira akusiya koleji chifukwa cha fizi, mlimi wa fodya akulira mitengo ku Chinkhoma, ndiye tizidandaula za bwalo limene pamatera ndege ya bwana kawiri pa chaka? Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindilipeputsa. Ndili ndi mayankho awiri. Loyamba, kusowa kwa ndege ndiye kumene kumabweretsa ngozi. Ku Chileka palibe amene amaiwala kuti pamatera ndege. Pa bwalo la kumudzi aliyense amaiwala, ngakhale mlonda. Lachiwiri, amene amavulala pa ngozi yotere si bwana yekha. Ndege ikagunda ngolo, woyamba kufa ndi mwana amene ali pamwamba pa fodya. Nkhani ya msewu wa ndege wa kumudzi ndi nkhani ya anthu osauka okhala m'mbali mwake, amene ambiri a iwo sadzakwerapo ndege moyo wawo wonse.

Tonse tikukumbuka pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Imeneyo sinali ngozi ya pa msewu wa ndege, ndipo sindikufuna kuikokera m'nkhani yanga mokakamiza. Ndikuitchula chifukwa cha chinthu chimodzi chimene akatswiri a ku Germany ofufuza ngoziyo anapeza: kachipangizo kotumiza uthenga wa pamene ndege yagwera kanali ndi batire limene linatha ntchito mu 2004. Dziko lonse linagona osadziwa kumene ndegeyo ili, mpaka inapezeka tsiku lotsatira. Pa nkhani za ndege, zinthu zing'onozing'ono zimene zimakhala zaka osafunika ndi zimene timaziiwala, ndipo tsiku limene zafunika kumakhala kutada kale. Bwalo la kumudzi lili ngati batire limenelo.

Zimene ndikupempha sizifuna ngongole ya kunja. Bwalo lililonse limene likugwirabe ntchito, la boma kapena la esiteti, likhale ndi munthu mmodzi wodziwika amene amauzidwa pa foni ndege isanabwere, n'kuyenda msewu wonse, kuchotsa ziweto, n'kuima pamene njira ya anthu imadutsa atanyamula mbendera kapena wezulo mpaka injini itazima. Akapatsidwa wailesi ya m'manja yoti amve ndi kuyankha woyendetsa, ndiye kuti odi uja wapeza womuyankha. Pamene njira ikulowera pa bwalo paikidwe chikwangwani cha m'Chichewa, ndiponso m'Chitumbuka kumene anthu amalankhula Chitumbuka monga kumpoto kwa boma lathu, chokhala ndi chithunzi cha amene sadziwa kuwerenga. Chisangonena kuti "malo oletsedwa", chifukwa mawu amenewo tinawazolowera ndipo sitiwaonanso. Chinene chimene munthu ayenera kudziwa: ndege ikadutsa chapansi ibweranso, ndege yotera imabwera mwakachetechete, ndipo siingakhote kapena kuima msanga ngati galimoto. Mpanda usanamangidwe, mfumu ndi anthu ake akhale pansi ndi eni bwalo, agwirizane za njira yolambalala kapena chipata. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana ndi mabwalo awauze ana zimenezi kamodzi pa teremu, monga amawauzira za kuwoloka msewu.

Ku Sweden, kuyambira mu 2015, bwalo la Örnsköldsvik limalondoleredwa ndi anthu okhala mumzinda wina wa Sundsvall, akuona zonse kudzera pa makamera. Mwina tsiku lina munthu wokhala ku Lumbadzi adzayang'anira timabwalo ta dziko lonse motero. Zingakhale bwino. Koma kamera ikaona ngolo ikulowa, munthu wa ku Lumbadzi adzachenjeza woyendetsa ndege, pamene wa pa ngolo sadzamva kanthu. Mbali imeneyo ya ntchito idzatsalabe, ndipo ndikuona kuti ndi yathu ife amene timaphunzira zinenero, mbiri ndi chikhalidwe, amene timafunsidwa tsiku ndi tsiku kuti digiri yathu tidzadya nayo chiyani. Mainjiniya amadziwa kutalika kwa msewu umene ndege ikufuna. Kudziwa kuti anthu a m'mudzi wakuti amamva chiyani akaona ndege ikudutsa chapansi, ndi kupeza mawu oti zimveke, ndi luso linanso, ndipo miyoyo imadalira pamenepo.

Pa holide ya Khirisimasi ndinapita kukawaona amalume. Utenanti anasiya, pano akulima soya ndi chimanga pa kamunda kawo. Titadya nsima tinakhala pakhonde, ine n'kuwafotokozera zonse zimene ndinawerenga, za kudutsa chapansi, za kukhotera kumanzere, za nsalu ya pa chitsulo ija. Anamvetsera osandidula, kenako anakhala chete nthawi yaitali.

"Ndiye kuti munthu uja anatiodira?"

"Eya, amalume. Anatiodira."

"Ife n'kumati akutsanzika." Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunali kwa chisangalalo. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakhala pa esiteti ija, mphwanga. Ndinauzidwa za feteleza, za magiredi, za ngongole yanga mpaka tambala yomaliza. Mawu awiri okhawo, oti ikadutsa ibweranso, panalibe wondiuza?"

Ndinalibe chowayankha, monga iwo analibe chowayankha a kapitawo tsiku lija.

Pobwerera ndinadzera ku bwalo lija. Udzu unali wotchetchedwa, kusonyeza kuti likugwirabe ntchito. Chitsulo chilipo, nsalu anaikapo yatsopano. Pakati pa msewu ana anali ataika miyala iwiri uku ndi iwiri uko, mpira uli mkati. Ndinawaitana, ndipo anabwera monyinyirika poganiza kuti ndikufuna kuwathamangitsa. Ndinawaonetsa chipsera cha pa chigongono n'kuwauza kuti ndege ikadzadutsa chapansi achoke, achotsenso miyala yawo ndi mbuzi, akhale kutali mpaka itatera n'kuzima.

Kamnyamata kena, kamene kanali kagoloyi, kanandiyang'ana mokayika.

"Nanga ikapanda kubweranso, achimwene?"

"Ndiye kuti mwataya mphindi 10 za mpira," ndinatero. "Mudzazibweza mawa."